Mnzanuyo sanatukwanidwe: za mawu akuti "green" ndi anzathu a ku China

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo ndati ndisangodutsa chifukwa zoterezi ndinaziona ndi maso anga. Mwati mnzanu wa ku China amene mumamuthandiza Chingerezi wakhumudwa kwambiri. Akuti bwana wake wachizungu analemba mu imelo yopita kwa anthu angapo kuti "he is good, but still a bit green", ndiye iyeyo tulo sakutiona, akuti wanyozedwa pagulu. Mukufuna kudziwa tanthauzo la green ameneyu ndiponso mmene mungamufotokozere.

Muimbireni lero lomwe, mumuuze kuti mtima ukhale pansi. Bwanayo wanena kuti mnyamatayu ntchito amaitha koma sanakhwime, akadali watsopano. Basi. Chipongwe mulibemo, ndipo za kunyumba kwake sizikukhudzidwa ngakhale pang'ono. Ndi mawu amene akuluakulu pantchito amanenera munthu amene akumuona kuti ali ndi tsogolo koma akufunika nthawi.

Koma musamutenge ngati wokokomeza zinthu, chifukwa mantha akewo ali ndi pochokera. M'Chitchaina muli mawu akuti dai lü maozi, kutanthauza kuvala chipewa chobiriwira. Mwamuna akanenedwa kuti wavala chipewa chotere, ndiye kuti mkazi wake ali ndi chibwenzi chamseri, ndipo mudzi wonse ukudziwa kupatula mwini wakeyo. Nkhaniyi ndi yakalekale. M'nthawi ya mafumu a Yuan, amene analamulira kuyambira 1271 mpaka 1368, kunali lamulo loti amuna a m'mabanja a akazi oyendayenda azimanga nsalu yobiriwira kumutu, ndipo mafumu a Ming atalowa, mchitidwewo unapitirira. Lamulolo linatha kalekale koma manyazi ake anatsalira m'chinenero. Achinyamata a masiku ano pa intaneti amangodula mwachidule kuti bei lü le, ngati kunena kuti uje amubiriwiritsa. Tsono taganizani, munthu wapabanja akuona dzina lake ndi mawu akuti green zili moyandikana, mu imelo imene anzake onse a mu ofesi awerenga. Mutu suthamangira kudikishonale, umathamangira kunyumba.

Ine ndinakhala ku Wuhan, mzinda wa ku China, zaka zinayi, ndipo Lachisanu lililonse madzulo ndinkapita kumene iwo amati Yingyu jiao, malo amene anthu amakumana kuti azicheza m'Chingerezi. Chaka china pa 17 Malichi, tsiku la St Patrick, mnzathu wa ku Ireland anabwera ndi chikwama chodzaza zipewa zobiriwira kuti agawire aliyense. Kwawoko ndi tsiku lachisangalalo, anthu amavala zobiriwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi, moti ngakhale ku Chicago, ku America, amafika pothira utoto wobiriwira mumtsinje, mwambo umene unayamba mu 1962. Atsikana angapo anavala n'kumajambulana akuseka. Koma panali bambo wina, injiniya, munthu amene sankajomba ngakhale kugwe mvula. Analandira chipewacho ndi manja awiri monga mwa ulemu wawo, anachiyang'ana pang'ono, kenako n'kuchilowetsa pansi pa mpando. Makutu ake anali psuu. Madzulo onsewo sanalankhulenso, ndipo sabata yotsatira sanabwere. Mtsikana wina ndi amene anatikokera pambali n'kutiuza chimene chinachitika. Mnzathu uja anakapepesa ndipo bambowo anabwereranso, koma ine kuyambira tsiku limenelo ndinasintha kaphunzitsidwe. Ndisanauze munthu tanthauzo la mtundu uliwonse m'Chingerezi, ndimayamba ndamufunsa kuti mtunduwo kwawo umanena chiyani. Vuto lalikulu silikhala m'mawu achingereziwo, limakhala mu katundu amene wophunzirayo wabwera atasenza kuchokera m'chinenero chake.

Tsono apa ndi pamene ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene mphunzitsi wa ku London alibe. Mawu akuti green anachokera ku muzu umodzi ndi grow komanso grass, ndiye kuti pachiyambi pake ndi mawu a chinthu chomera, chimene chikukula. Ifeyo lingaliro limeneli tinaligawa pawiri. Tikamanena za maonekedwe timati chobiriwira, tikamanena za kusapsa kapena kusauma timati chachiwisi. Chingerezi chinaziphatikiza m'liwu limodzi. Ganizirani chimanga chachiwisi chija timaotcha m'mbali mwa msewu mu Febuluwale ndi Malichi. Pa Chingerezi chathu timati green maize, chonsecho mukachisenda njere zake ndi zoyera mbee. Nkhuni zaziwisi, zija zimangofuka utsi n'kumalira thovu kumapeto, ndi green wood, ngakhale khungwa lake ndi lotuwa. Khofi wosakazinga ndi green coffee. Green wa bwana uja ndi ameneyu, wa uwisi. Munthuyo ali ngati bango lomera kumene, kapena mango a mu Okutobala amene aliyense akudziwa kuti pofika Disembala adzakhala okoma. Palinso liwu lakuti greenhorn, munthu wongoyamba kumene ntchito, koma limeneli limaluma pang'ono, ndipo bwanayo sanaligwiritse ntchito.

Chosangalatsa n'chakuti Chitchaina nachonso chili ndi lingaliro lomweli, kungoti silikhala mu lü, liwu lawo lija lotanthauza chobiriwira, limakhala m'liwu lina lakuti qing. Mukamufotokozera mnzanuyo, musayambire pa lü chifukwa mumubwezera kuchipewa kuja. Muuzeni kuti green ameneyu ndi qingse, mawu amene iwo amanenera chipatso chosapsa chothetsa mano komanso wachinyamata amene sanaone zambiri. Kapena mungomuuza kuti shengshou, dzanja laliwisi, kapena xinshou, dzanja latsopano, ndiwo mawu awo a munthu wachilendo pantchito. Ndikukutsimikizirani kuti amva nthawi yomweyo. Qing yemweyo ali mu qingnian, wachinyamata, ndi mu qingcai, ndiwo zamasamba, zimenenso Angerezi amangoti greens. Ndipo liwu limeneli ine limandikumbutsa kwathu, chifukwa limagwira udzu, limagwira thambo, m'zolemba zakale limagwiranso tsitsi lakuda. Agogo athu nawonso masamba ndi thambo ankangoti zobiriwira, za buluu tinachita kubwereka. Malire a mitundu sanaikidwe malo amodzi m'zinenero zonse, ndipo wophunzira akazindikira zimenezi amasiya kufunafuna liwu limodzi loti lilowe m'malo mwa linzake paliponse.

Kumene amasokonezekanso kwambiri ndi pa nkhani ya kaduka. Mngerezi akati "she was green with envy" akunena kuti njiru inamudya. Palinso mawu akuti green-eyed monster onena za nsanje, amene anatchuka chifukwa cha sewero la Shakespeare la Othello. Kwa Mtchaina zimenezi ndi zachilendo, chifukwa kwawo kaduka ndi kofiira. Munthu wosirira moipa za mnzake amati yanhong, wofiira maso, ndipo khalidwelo amalitcha hongyanbing, dzina lomwenso amatchulira matenda a maso enieni aja. Nsanje ya m'chikondi ndiye ilibe mtundu, amati chi cu, kudya viniga. Ndiye mumve wophunzira akulemba kuti "he has red eyes for my new car", iye ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wanena za njiru, pamene womva akuganiza kuti munthuyo walira kapena sanagone. Komanso red-eye pa Chingerezi cha ku America ndi ndege yonyamuka usiku n'kukafika m'mawa. Apa palibe nzeru yoti muifotokoze, ndi zoloweza basi. Ine ndinkawauza kuti mawu atatuwo, green with envy, awameze ngati liwu limodzi, asamawaphwanye.

Pafupi ndi pamenepo pali msampha wina waung'ono. "You look green" kapena "he turned green" ndiye kuti munthuyo akumva nseru, mwina basi yamuzunguza kapena wadya chosayenera. Atchaina nawo amati lian dou lü le, nkhope yabiriwira, koma iwo amanena za munthu amene wadzidzimuka kapena wakwiya mpaka kusowa chonena. Mawu ofanana, matenda osiyana.

Za ndalama ndiye zimafuna kusamala, makamaka ngati mnzanuyo amawerenga malipoti pantchito. Tsiku lina mnyamata wina anandionetsa foni yake akumwetulira, sikirini yonse ili yofiira, manambala mbwee. Ine mtima unagunda, ndinayesa ndalama zake zalowa m'madzi. Iye akuti ayi, lero wadya bwino. Pamsika wa masheya wa ku Shanghai ndi ku Shenzhen, mtengo ukakwera amalemba ndi zofiira, ukatsika amalemba ndi zobiriwira, chifukwa kufiira kwawoko ndi mtundu wa mwayi, wa ukwati, wa maenvulopu a ndalama a chaka chatsopano. Ku New York ndi ku London n'zotembenuza. Nyuzipepala yachingerezi ikati misika yatseka "in the green" ndiye kuti zinthu zakwera, ndipo kampani ikakhala "in the red" ndiye kuti ikuluza. Munthu amene anakula akuona kufiira ngati phindu angathe kumva lipoti lonse chagada. Poti tili pa ndalama, greenback ndi dola ya ku America, dzina lochokera ku ndalama zapepala za m'ma 1860, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, zimene kumsana kwake zinasindikizidwa ndi inki yobiriwira.

Pali matanthauzo ena amene simuvutika nawo chifukwa Chitchaina chinawatenga kale. Kupereka green light, kuvomereza kuti ntchito iyambe, iwo amati kai lüdeng, zonse zinachokera ku maloboti a pamsewu. Green card, chiphaso chokhalira m'dziko mpaka kalekale, amati lüka. Green wa zachilengedwe, monga green energy kapena zipani za ndale zotchedwa Green, amati lüse, ndipo m'masitolo mwawo muli chizindikiro cha boma cha lüse shipin, chakudya cholimidwa mosamala, chimene chinayamba mu 1990. Pamenepa mungodutsa mwachangu. Koma muchenjere ndi liwu limodzi, greenhouse. Iwo amati wenshi, chipinda chofunda, mulibe mtundu uliwonse. Mayi wina m'gulu lathu lija anawerenga ndime yonena za greenhouse gases n'kumvetsa kuti ndi mpweya wabwino, poti anazolowera kuti chilichonse chokhala ndi green ndi chokomera chilengedwe. Anadabwa nditamuuza kuti umenewu ndiye mpweya umene ukutenthetsa dziko. Nyumbayo ndi yagalasi kapena yapulasitiki, zobiriwira ndi mbewu zili m'katimo. Ndipo munthu wa dzanja labwino pa mbewu, amene chilichonse akabzala chimamera, ku Britain amati ali ndi green fingers, ku America amati green thumb. Zonse ziwiri n'zolondola, angosankha malinga ndi kumene bwana wake amachokera.

Ena pagulu pano mwina anena kuti mungomutumizira mndandanda wa matanthauzo onse a m'dikishonale aloweze. Ine njira imeneyo sindigwirizana nayo. Ndinaiyesa, anthu amaloweza lero, pofika sabata yamawa zonse zasakanikirana, ndipo mantha amawonjezeka chifukwa tsopano liwu limodzi lasanduka khumi. Chimene chinkandithandiza ndi kuwaphunzitsa kuyang'ana mawu oyandikana nalo. Green akakhala pa munthu ndipo nkhani ili ya ntchito, makamaka pakakhala still kapena a bit, ndi uwisi. Akabwera pambuyo pa look kapena turn, munthuyo sakumva bwino m'mimba. Akatsatana ndi with envy, ndi kaduka. Akakhala pa kampani, magetsi, galimoto kapena mfundo za boma, ndi zachilengedwe. Kenako ndinkawauza kuti aliyense apange ziganizo za moyo wake, osati za m'buku. Injiniya uja atabwerera, chiganizo chake choyamba chinali chonena za anyamata awiri amene anali atangolembedwa kumene kuntchito kwake, kuti akadali green ndipo sangawasiye okha pamakina. Anachinena yekha, mokweza, liwu lomwe lija linamuthawitsa.

Chinthu chimodzi mumuuze mosabisa, kuti asadzakhumudwe kawiri. Ngakhale mulibe kutukwana, mawuwo si kuyamikira kokhakokha. Bwanayo akutanthauza kuti pakadali pano sangamupatse udindo waukulu payekha. Ndiye m'malo modandaula, apite akamufunse mwaulemu kuti ndi mbali ziti zimene akufunika kukhwimira. Angathe kunena kuti "I know I'm still green in some areas, which ones should I work on first?" Bwana aliyense womva funso lotere amadziwa kuti munthuyu imelo anaimvetsa, ndipo kawirikawiri amakhala naye pansi n'kumuuza zenizeni.

Mukatha kulankhula naye mudzatiuze pano kuti zayenda bwanji. Ndipo ngati mu imeloyo muli mawu ena amene akumukayikitsa, alembeni chiganizo chonse mmene chilili, osati liwu lokhalo, tidzachione limodzi.