Yambani ndi kudyetsa make, mkaka wa paketi usiyeni kaye

Asisi, mwati galu wanu waswa tiana 7 dzana ku Chipoka, kamodzi sikakuyamwa bwino ndiye mukuganiza zotipatsa mkaka wa paketi. Chonde musathamangire zimenezo. Mkaka wa ng'ombe umatitsegula m'mimba, ndipo kamwana ka masiku awiri kakatsegula m'mimba sikachedwa kufa. Kofookako kagwireni kaye, ngati kazizira kafungatireni m'chitenje pachifuwa panu mpaka kafunde, chifukwa kozizira sikagaya chakudya ngakhale kayamwe. Kakafunda kaikeni nokha pa bere, makamaka akumbuyo aja amene amadzadza kwambiri, finyani pang'ono kadontho katuluke kanunkhize, tinzake tamphamvuto titchingeni ndi dzanja mpaka kakhute. Muzitero pa maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe.

Koma nkhani yaikulu ndi make. Anthufe timakonda kuyang'ana tiana n'kuiwala kuti mkakawo ukuchokera m'thupi la galu amene tikumuponyera mkute kamodzi patsiku, zimandiwawa ine kuona galu woyamwitsa nthiti zili pamtunda akufukula kudzala. Panopa akufunika kudya kawiri mwina katatu kuposa masiku onse. Ife akunyanja tili ndi mwayi, bonya ndi usipa sizisowa, wiritsani opanda mchere musakanize ndi phala la mgaiwa kapena nsima, likapezeka dzira lowiritsa ponyanimo. Minga za chambo ndi mafupa a nkhuku ophika ayi. Madzi asachoke pafupi naye, kutentha kwa Salima mukukudziwa, galu waludzu mkaka umauma.

Pogona pakhale pa mthunzi, powuma, katoni ndi chiguduli zakwana bola muzisintha zikanyowa. Ndipo samalani linthumbu! Likalowa usiku tiana tosaona sitingathawe, ndiye thirani phulusa kuzungulira malowo komanso zotsala za nsomba musasiye pomwepo. Ana a pakhomo auzeni asamatinyamulenyamule, galu wa ana amaluma ngakhale amene amawadziwa.

Tianato titsegula maso tokha pakati pa masiku 10 ndi 14, osakanula ndi zala. Utitiri ukachuluka osatisambitsa dibi wa ng'ombe, ameneyo ndi poizoni kwa ito, chotsani ndi chipeso ndipo chiguduli chakale mutenthe. Tikakwana masabata awiri pitani kwa mlangizi wa ziweto kuofesi ya zaulimi akupatseni mankhwala a njoka za m'mimba a tiana ndi make yemwe. Phala lamadzimadzi tiyambitseni pa masabata atatu kapena anayi. Amene ayamba kale kupempha tianato adikire masabata 8, ndipo muwauze kuti katemera wa chiwewe ndi pa miyezi itatu, asazengereze.

Make mukaona akunjenjemera, kuyenda mouma miyendo, bere lalimba ndi kutentha, kapena kumbuyo kukutuluka zonunkha ndipo akukana chakudya, imbirani a vetenale tsiku lomwelo, osadikira mawa. Musamupatse Panado kapena Brufen. Kwa amene muli ndi mphaka woyamwitsa, zambiri n'zofanana, koma kwa mphaka Panado ngakhale kachidutswa amapha.

Kofooka kaja kakafika mawa m'mawa kasanayambe kukoka bere, funsani a vetenale za mkaka wa ufa wopangira tiana ta agalu, ndipo pomwetsa kagone chafufumimba ngati kakuyamwa kwa make, osati chagada, ungapite m'mapapo.