Dimba la nyengo yozizira limalimidwa kunja kusanazizire

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba. Amakhala kudera komwe chisanu chimagwa usiku kwa miyezi ingapo, ndipo nthawi zina chipale chofewa chimakuta munda wonse. Funso lawo linali lotere: "Chaka chatha ndinafesa sipinachi ndi kabichi mu Novembala, poganiza kuti mbewu zopirira kuzizira zikula bwinobwino. Zinamera, koma zinangokhala pomwepo osakula, mpaka zambiri zinawola. Kodi n'zoona kuti munthu angasunge masamba m'munda nyengo yozizira yonse, n'kudzakolola mitengo ikamaphukira? Nanga ndinalakwitsa pati? Tsopano tili kumapeto kwa Ogasiti, sindikufuna kubwereza zomwezo."

Mayi, n'zoona, zimatheka ndithu. Mbewu munasankha zoyenera. Chimene chinakupwetekani ndi tsiku limene munafesa, ndipo mwachita bwino kulemba mu Ogasiti, chifukwa nthawi ikadalipo.

Anthu ambiri timaganiza kuti mdani wamkulu wa dimba m'nyengoyi ndi kuzizira. Kumapha, inde, koma chomwe chimayimitsa mbewu kukula ndi kuchepa kwa dzuwa. Usana ukafupika kufika pochepera maola 10, masamba ambiri amasiya kukula, ngakhale mutawafunditsa bwanji. Kutentha kukatsikanso pansi pa madigiri 5, kukula kumachepa kwambiri. Kumadera ena nthawi ya usana waufupiyi imatha miyezi iwiri, kwina itatu ndi theka, malingana ndi kutalika kwa deralo kuchokera pa ikweta, mzere wogawa dziko lapansi pakati. M'miyezi imeneyo mbewu imangokhala ngati yagona. Yamoyo, koma yosawonjezera kanthu. Mbande zanu za mu Novembala zinalowa m'tulo timeneti zili ndi timasamba tiwiri ndi mizu ngati ulusi. Zinalibe mphamvu yosungira m'thupi, ndiye chinyezi chinazimaliza.

Choncho munda wa nyengo yozizira uli ngati nkhokwe. Zomwe mudzatapemo ndi zomwe munaikamo kunja kukadali kofunda. Fufuzani tsiku limene usana kwanuko umatsika pa maola 10. Pa intaneti n'zosavuta kupeza. Kenako werengani chobwerera m'mbuyo masiku amene alembedwa pa paketi ya mbewu, muwonjezerepo masabata awiri chifukwa dzuwa la nyengoyi limakhala likunka lichepa. Sipinachi amafuna masiku 40 kapena 45 kuti afike pothyola. Ngati usana wanu umafupika pakati pa Novembala, afesedwe pakati pa Seputembala, osapitirira apo. (Miyezi yomwe ndikutchulayi ndi ya kumpoto kwa dziko lapansi, komwe mayiwa amakhala. Amene muli kum'mwera, wonjezerani miyezi isanu ndi umodzi.)

Apa pali chinthu chimene ndikufuna mumvetse bwino, pakuti si mbewu zonse zimafunika kulowa m'chisanu zili zazikulu. Zilipo za mitundu iwiri.

Zina ziyenera kukhala zitakula kale, kapena zitatsala pang'ono. M'gulu ili muli sipinachi, mpiru, karoti, leek (mbewu ya m'gulu la anyezi), ndi mtundu uja wa kabichi wosapanga mutu wotchedwa kale. Izi mumathyola pang'onopang'ono nyengo yonse, ndipo dzuwa likayamba kubwerera mu Febuluwale zimadzuka n'kutulutsa masamba atsopano mofulumira, chifukwa mizu yake inakhazikika kale. Kale ndi wolimba kwambiri: amapirira mpaka madigiri 10 pansi pa ziro, mitundu ina kupitirira apo. Sipinachi amaoneka wofewa koma kulimba kwake si kwa pang'ono. M'mawa mungamupeze atagwa, masamba ataundana ngati galasi, koma dzuwa likatuluka amadzukanso. Musamuthyole ali choundana chomwecho, amasanduka phala. Dikirani asungunuke yekha.

Chimene ndimakondera mbewu zimenezi ndi kukoma kwake. Pofuna kudziteteza, zimasandutsa sitachi wa m'thupi mwake kukhala shuga, pakuti madzi okhala ndi shuga saundana msanga. N'chifukwa chake karoti wozulidwa chisanu chitagwa kangapo amatsekemera kuposa wa nyengo yotentha, ndipo kale amataya kuwawa kwake. Amene analawapo karoti wotere sasowa womulimbikitsa kulima m'nyengoyi.

Gulu lachiwiri ndi la mbewu zimene ziyenera kudutsa m'chisanu zili zazing'ono koma zitagwira mizu. Kabichi wokolola mu Epulo ndi Meyi amafesedwa pa nazale kumapeto kwa Julaye kapena mu Ogasiti, n'kuwokeredwa mu Seputembala kapena Okutobala ali ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukafesa msanga kwambiri, n'kulowa m'chisanu ali wamkulu, kunja kukafunda sapanga mutu, amangothamangira kuchita maluwa. Chifukwa chake n'chakuti kabichi ndi mbewu ya zaka ziwiri. Ikakula bwino n'kumva kuzizira kwa nthawi yaitali, imadziwa kuti chaka choyamba chatha, nthawi yobereka njere yakwana. Anyezi amachitanso chimodzimodzi, ndiye posankha tianyezi tobzala musatenge tikulutikulu. Mitundu ngati Senshyu Yellow ndi Radar anaipangira kubzala mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo imakhwima mu Juni, milungu ingapo anyezi wamba asanafike. Nyemba zikuluzikulu zotchedwa fava, makamaka mtundu wa Aquadulce Claudia, zimabzalidwa kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Zifike msinkhu wa chala kapena kupitirira pang'ono, basi. Zikatalika, mphepo imazithyola.

Adyo ndiye amakufuna kuzizirako. Popanda milungu ingapo ya kutentha kochepera madigiri 10, sagawikana kukhala tizidutswa, amangopanga mpira umodzi ngati anyezi. Bzalani kachidutswa kalikonse kosongoka kuli m'mwamba, pakuya kwa masentimita 5, motalikirana masentimita 15, mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono nthaka isanaundane. Iye simudzamukolola mitengo ikamaphukira ayi, amadikira mpaka Juni kapena Julaye, koma palibe mbewu yosavuta kuposa iyi. Ngati mukufuna chinthu chimodzi choti chikubwezereni chikhulupiriro chaka chino, yambani ndi adyo.

Leek ndi burokoli wofiirira wotulutsa timitu ting'onoting'ono, zimenezo chaka chino mwachedwa nazo ngati mukuyambira pa njere. Zimafesedwa pakati pa Malichi ndi Juni. Zilembeni pa kalendala ya chaka chamawa.

Tibwere pa kuwola kuja. Ine ndinatayapo bedi lonse la anyezi chaka china, osati chifukwa cha chisanu, koma chifukwa ndinabzala pamalo otsika a dothi la makande. Madzi anadikha kwa milungu, mizu inasowa mpweya, ndipo pozula ndinkangopeza zofewa zonunkha. Zinandiwawa, chifukwa mbewuzo zinali zitagwira bwino. Kuyambira pamenepo ndimakweza mabedi masentimita 15 kapena 20, n'kusakanizamo kompositi wowola bwino kuti madzi azidutsa. Mbewu yomwe ingapirire usiku wa madigiri 10 pansi pa ziro m'dothi lotaya madzi ikhoza kufa pa ziro penipeni m'dothi lalowe. Sankhaninso malo amene dzuwa limafika ngakhale litatsika kwambiri, komanso otetezeka ku mphepo. Khoma kapena mtengo umene sunkachita mthunzi pa bedi lanu mu Juni ukhoza kuliphimba tsiku lonse mu Disembala. Pewani m'munsi mwa chitunda, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadzaza m'malo otsika.

Feteleza wa nayitirojeni musamuthire nyengo yozizira ikayandikira. Amatulutsa masamba anthete odzaza madzi, ndipo ndi omwewo chisanu chimayamba kuwotcha. Sungani mphamvuyo mpaka kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, mukaona timasamba tatsopano pakati pa mbewu. Pamenepo kabichi ndi anyezi amalandira chakudya mosangalala.

Nthaka ikayamba kuzizira, phimbirani mabedi ndi udzu wouma kapena masamba a mitengo ogwa. Cholinga si kutenthetsa nthaka kwenikweni, koma kuti isamaundane usiku n'kusungunuka masana mobwerezabwereza. Kusinthasintha kumeneko kumatukula dothi, mbewu zing'onozing'ono n'kuzuka zokha, mizu ili pamtunda. Mukaona zotero, zikanikizireni pansi ndi dzanja. Pa karoti phimbirani mochindikala, kuti muzitha kuzula ngakhale pamwamba pataundana. Chipale chofewa musachiope. Chimafunditsa mbewu ngati bulangete, ndipo usiku woopsa kwambiri ndi uja wopanda mitambo, wopanda chipale, kuli zii.

Pamwamba pa letesi ndi sipinachi mungayale nsalu yoyera yopyapyala ija yotchedwa fleece, imene imawonjezera madigiri awiri kapena atatu komanso imatchinga mphepo. Pulasitiki wokulungidwa pa timitengo topinda amathandiza kuposa apo, koma amafuna munthu wosamala. Dzuwa likawala, tsegulani kumapeto kuti mpweya udutse, apo ayi mkati mumachita thukuta, nkhungu yotuwa n'kugwira masamba. Kuthirira n'kochepa m'nyengoyi. Pansi pa pulasitiki thirirani m'mawa, pokhapokha dothi litauma.

Musaiwale kuti m'miyezi imeneyi dimba lanu likhoza kukhala chobiriwira chokhacho m'dera lonse. Njiwa zimatha kumaliza kabichi m'masiku awiri, kusiya mitsempha ya masamba yokha, choncho ikani ukonde pomwe mwawokera. Mbewa zimafukula nyemba zisanamere. Ngati zilipo zambiri, meretsani nyembazo m'timiphika n'kudzaziwokera zitatuluka. Nkhono zimabisala pansi pa zophimbira zija ndipo zimadya usiku uliwonse wofunda pang'ono. Muzichotsa masamba achikasu ogwera pansi, ndiwo nyumba yawo.

Sabata ino, Mayi, fesani kabichi pa nazale, konzani bedi lokwera la sipinachi ndi mpiru, ndipo pezani adyo ndi tianyezi mbewu zisanathe. Usana ukadzadutsanso maola 10, mudzaona mbewu zonse zikudzuka pafupifupi nthawi imodzi. Pamenepo musachedwe kuthyola, chifukwa sipinachi ndi kale amapereka masamba ambiri kwa milungu yowerengeka, kenako amatalika n'kuyamba maluwa. Nsonga za kale zamaluwa osatseguka zimadyedwa, ndi zofewa komanso zokoma, ndiye zithyoleni zisanachite chikasu. Tsinde limodzi kapena awiri muwasiye achite maluwa. Njuchi zoyamba kutuluka zimawakhamukira, pakuti nthawi imeneyo maluwa ena amakhala asanayambe.