Matayala akuluakulu pa Land Cruiser yakale

Achimwene, mwafunsa ngati mungaike matayala otalika mainchesi 35 pa Land Cruiser yanu yakale. Matayala akuluakulu angathe kulowa pa galimotoyo, koma ndikukulangizani kuti musapitirire mainchesi 33, monga a saizi ya 255/85R16, chifukwa amenewa amasiyana pang'ono chabe ndi a 7.50R16 amene galimotoyo inabwera nawo. A mainchesi 35 amene mukuwafunawo amafuna kuti mukweze galimoto ndi masipuling'i ena, musinthe marimu, ndipo mwinanso magiya a mu difu (bokosi la magiya limene limagawira mphamvu ya injini ku matayala).

Ineyo ndinaikapo a 35 osasintha china chilichonse, ndipo ndinanong'oneza bondo. Ndikakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, tayala lakutsogolo linkakhula masipuling'i mpaka kusiya chitsulo chikunyezimira, ndipo tsiku lina potsika mapiri a msewu wa ku Chikwawa nditanyamula matumba a simenti, mabuleki anatentha n'kuyamba kununkha, moti ndinaima pambali mtima uli phaphapha. Pokwera kubwerera ku Blantyre, galimoto inkalephera kukoka pa giya imene kale inkakwera nayo bwinobwino. Sipidomita nayonso inkanama, ikamaonetsa 80 ndiye kuti ndikuthamanga pafupifupi 88.

Musanagule chilichonse, pitani kwa makaniko wodziwa bwino magalimoto oterewa kuti ayeze mabuleki, mabering'i ndi chiwongolero, ndiponso uzani a inshuwalansi za kusinthako.