Mwana akamapempherera mbuzi, musiyeni amalize

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa asisi ena a ku Lizulu. Akusunga ana awiri a achemwali awo omwe anapita ku Johannesburg kukasaka maganyu, wina wa zaka 3 wina wa zaka 5. Akuti usiku uliwonse amapemphera nawo asanagone koma mapemphero ake ngoseketsa, pena apempherere mbuzi, pena apemphe zigege. Ndiye akufunsa, ndiziwakonza? Koma chomwe chawasautsa kwambiri nchakuti wamkuluyo anapempha kuti amayi abwere mawa, sanabwere, pano akufunsa ngati Mulungu amamva.

Asisi, za mbuzizo zisiyeni choncho.

Ine ndinalerako mwana wa achimwene kuno ku Dedza, chakufupi ndi Bembeke. Mukudziwa kuzizira kwa kuno mu Juni, ndiye ndikamusambitsa kumadzulo nkumudzoza mafuta, timagwada pamphasa pafupi ndi mbaula iye atadzikulunga chitenje changa mpaka kumutu, diso limodzi lotseka lina likundiyang'ana ngati nanenso ndatsinzina. Tsiku lina anati, "Mulungu mudalitse agogo, mudalitse nkhuku yathu yopunduka ija, koma aanti musawadalitse lero poti andimana shuga." Ndinadziluma mlomo kuti ndisaseke, ndinangoti Ameni. Mawa lake anandibwezeramo yekha mu pempherolo, palibe anamuuza.

Mwana amapempherera chimene chili pamtima pake nthawi imeneyo. Mukayamba zoti "sitipemphera choncho", aphunzira kuti kwa Mulungu timayankhula zokometsera ngati kwa ahedi, kenako azingolakatula mawu a akuluakulu omwe sakuwamva nkomwe. Tilipo ambiri tinakula choncho eti. Olo pa Marko 10, Yesu anadzudzula ophunzira ake omwe ankathamangitsa ana obwera kwa Iye, anawo ayi.

Sikuti musawaphunzitse kanthu. Pemphero la Ambuye la pa Mateyu 6 muziwapatsa pang'onopang'ono, mzere umodzi pa sabata ndi wokwanira kwa wa zaka 3 uja. Komanso mufunse kaye amayi awo pa WhatsApp, chifukwa ngati iwo ndi a Katolika inu a CCAP, anawo mwina anazolowera chizindikiro cha mtanda ndi Tikuoneni Maria, musawasinthe mwakabisira, nkhani zotere zimadanitsa pachibale. Ndipo chonde zoopseza zija, zoti ukapanda kupemphera afiti akutenga usiku, ayi ndithu. Mwana amagona ndi mantha nkukodza pogona, kenako timukalipiranso ife omwe.

Tsopano za amayi akewo, apa mpovuta. Mwana wa pa Lizulu amaona mabasi akudutsa pa M1 tsiku ndi tsiku, kwa iye nzosavuta, Mulungu angowakweza amayi mu imodzi basi. Musamulonjeze m'malo mwa Mulungu kuti abwera sabata yamawa pomwe inu simukudziwa, ana amasunga tsiku kuposa ife. Komanso musamuuze kuti sunapemphere mokwanira, ameneyo ndi katundu wolemera kwa mwana wa zaka 5. Muuzeni zoona zake: Mulungu wamva, amayi akugwira ntchito kutali, ndipo nawonso akukusowa. Akalira mulekeni alire, mumufungatire.

Ndimakonda nkhani ya pa 1 Samueli 2 ndi 3. Samueli anali kamnyamata koleredwa ndi munthu wina, wansembe Eli, amayi ake ankabwera kamodzi pachaka ndi kamwinjiro komusokera. Atamva kuitana kwa Mulungu usiku anathamangira kwa Eli katatu konse, ndipo mkuluyo sanamulalikire, anangomuuza kuti kagone, akakuitananso uyankhe. Ntchito yanu asisi ndi ngati ya Eli imeneyo.

Chinanso mungayese, usiku wina mumujambule mawu akupemphera, mutumize kwa amayi ake, nawo abweze ndi Ameni wawo ngati bandulo ilipo. Za mbuzizo musadule, atumizireni zonse.