Lenzi ikalowa pa kamera sindiye kuti igwira ntchito

Kalata yomwe ndikuyankha lero yandikanda pachipsera, moti ndinaiwerenga kawiri ndisanayambe kulemba. Bambo amene andilemberawa akuti malemu atate awo anawasiyira chikwama cha malenzi atatu a m'nthawi ya makamera a filimu, ndipo tsopano akufuna kugula kamera yawo yoyamba ya DSLR (kamera ya digito yosintha malenzi, yokhala ndi kalirole m'kati ndiponso sensa yotola chithunzi m'malo mwa filimu), mwa zija zotsika mtengo zopangira oyamba kumene kujambula. Akufunsa ngati malenziwo angagwire ntchito pa kamera yatsopanoyo, komanso ngati kuli kwanzeru kuwonjezera ndalama kuti atenge kamera yobwera ndi malenzi awiri m'bokosi limodzi. Dzina la kampani yomwe inapanga malenzi a atate awo sanalitchule, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo.

Bambo, mundilole ndiyambe ndi manyazi anga. M'chaka cha 2012 ndinali ndi Nikon D3100 ndi lenzi yomwe inabwera nayo, ya 18-55mm, ndipo ndinali nditatopa ndi zithunzi za mbuu zomwe ndinkatola m'nyumba dzuwa likapendeka. Mwana wa mlongo wanga anali atangoyamba kuyenda, ndipo ndinkafunitsitsa kumujambula akudzandira kuchoka pampando kupita pakhomo. Aliyense wodziwa za makamera ankandiuza kuti mankhwala ake ndi lenzi ya 50mm f/1.8, ya kabowo kakakulu kolowetsa kuwala kochuluka. Ndinapeza mitundu iwiri ya lenzi imeneyi, wina wolembedwa D kumapeto, wina wolembedwa G, ndipo poona kuti wa D ndi wotsika mtengo kwambiri ndinadziyamikira kuti ndachenjera. Wogulitsa ndinamufunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi ilowa pa kamera yanga, iye anayankha kuti ilowa, ndipo sananame.

Inalowadi. Ndinaipotokola mpaka inalira kuti khethe, ndinayatsa kamera, koma inayamba yakana kujambula mpaka nditazungulitsa mkombero wa kabowo ka kuwala n'kuukhoma pa 22, nambala yolembedwa ndi utoto wofiirira. Vuto limenelo litatha ndinaloza mwanayo, n'kukanikiza batani pang'ono monga mwa nthawi zonse kuti kamera isake fokasi, koma kunali zii. Ndinachotsa batire n'kulibwezera, ndinapukuta tizitsulo ta kuseri kwa lenzi ndi nsalu, ndinafika poganiza kuti andigulitsa chinthu chakufa. Madzulo amenewo ndinatola zithunzi zambirimbiri ndikuzungulitsa fokasi ndi zala, maso ali pa kadontho kobiriwira ka m'munsi mwa kagalasi kosuzumirako, ndipo pa zonsezo chomwe chinaoneka bwino chinali cha mwendo wa tebulo, mwanayo atadutsa kalekale.

Lenziyo inalibe chilema chilichonse, wolakwa ndinali ine. Mukaitembenuza lenzi ya Nikon ya AF kapena AF-D, monga ya D yanga ija, muona kuseri kwake kachitsulo kokhala ndi mpata ngati mutu wa sikuluu. Makamera monga D90 ndi D7000 ali ndi mota m'thupi mwawo, ndipo pakamwa pawo pamatuluka kansonga komwe kamalowa mumpatamo n'kumazungulitsa magalasi a m'kati mwa lenzi. Kuyambira pa D40 ya mu 2006, makamera aang'ono a Nikon anasiya kukhala ndi mota imeneyi pofuna kuti apepuke ndiponso atsike mtengo, ndipo mndandanda wonse wa D3000 ndi wa D5000 unatsata njira yomweyo. Pa makamera amenewa lenzi iyenera kubwera ndi mota yakeyake, ndiye kuti ikhale yolembedwa AF-S kapena AF-P. Ya G ija, yomwe ndinaithawa chifukwa cha mtengo, inali AF-S. Ndinadzaigulabe patapita miyezi ingapo, kutanthauza kuti lenzi imodzi ndinailipira kawiri.

Kuchokera tsiku limenelo mawu akuti "ilowa" sindiwakhulupiriranso, ndipo ndimaona kuti ndi mawu omwe adyera anthu ongoyamba kumene ndalama zambiri kuposa mawu ena aliwonse pa malonda a makamera. Pakamwa pa makamera a Nikon, pomwe amapatcha F mount, pakhala pamodzimodzi kuyambira 1959, zomwe eni makamerawa amanyadira ndipo n'zoyeneradi kunyadira, koma kufanana kwa chitsulo sikutanthauza kuti lenzi ndi kamera zimvana chilankhulo. Lenzi yakale ya AI, mtundu womwe unayamba mu 1977, imalowa bwinobwino pa D3500, koma ilibe tizitsulo tamagetsi tolankhulira ndi kamera, choncho kamera siyeza kuwala, ndipo mumajambula pa M pokha, liwiro la shatala ndi kabowo ka kuwala mukuchita kuyerekeza nokha. Vutoli limabweranso chobwerera m'mbuyo: malenzi a AF-P a mtundu wa DX (opangidwira sensa yaing'ono), omwe anatuluka mu 2016, sagwira ntchito pa D3100, D3200 kapena D5100, ngakhale amalowa popanda kukakamira. Munthu wogula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito n'kugulira padera lenzi yatsopano akhoza kugwa m'mbuna imeneyi mosavuta.

Canon inasankha njira yowawa koma yolunjika. Mu 1987 inataya pakamwa pake pakale, pa FD, n'kuyambitsa EF, pomwe lenzi iliyonse yosaka fokasi yokha imakhala ndi mota yake ndipo zonse zimayendera magetsi. Omwe anali ndi malenzi a FD anadandaula kwambiri panthawiyo, koma phindu lake likuoneka lero, chifukwa lenzi ya Canon ya EF ya m'zaka za m'ma 1990 mukhoza kuiika pa EOS 2000D kapena 250D ndipo isaka fokasi ndi kuyeza kuwala popanda chovuta. Ngati malenzi a atate anu ndi a FD, ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti musasankhe DSLR ya Canon chifukwa cha iwo. Lenzi ya FD inapangidwa kuti ikhale mamilimita 42 kuchokera pa filimu, pomwe pakamwa pa EF pali pa mamilimita 44 kuchokera pa sensa, kotero kuti adaputala, kamkombero kolumikizira lenzi ku kamera ya pakamwa pena, imakankhira lenziyo kutali kuposa malo ake. Kuti zakutali zioneke, adaputalayo amaiika kagalasi kowonjezera, ndipo kagalasi kameneko, makamaka ka m'maadaputala otchipa, kamafooketsa chithunzi. Chodabwitsa n'chakuti lenzi yakale ya Nikon, yomwe malo ake ndi mamilimita 46.5, imakhala pa kamera ya Canon ndi kamkombero kachitsulo chabe kopanda galasi, ngakhale kuti fokasi muichita ndi zala.

Ndikanalakwa kusatchula Pentax, pakuti pa nkhani ya malenzi a makolo ndi yomwe imachita ulemu kwambiri. Pakamwa pake pa K ndi pa mu 1975, makamera ake a DSLR anasunga mota ya fokasi m'thupi, ndipo chochepetsa kunjenjemera kwa manja chili pa sensa m'malo mokhala m'lenzi, choncho ngakhale lenzi ya zaka makumi anayi imapindula nacho. Kuipa kwake n'kwakuti malenzi ake ogwiritsidwapo kale ntchito sapezeka mochuluka ngati a makampani awiri aja.

Palinso china chomwe chimadzidzimutsa munthu wozolowera filimu. Sensa ya kamera ya oyamba kumene ndi yaing'ono kuposa filimu ya 35mm, motero imatola pakati pokha pa zomwe lenzi ikuona. Pa Nikon ndi Pentax mumachulukitsa ndi 1.5, pa Canon ndi 1.6, kutanthauza kuti 50mm ya atate anu ioneka ngati 75mm kapena 80mm, ndipo 28mm yomwe iwo ankajambulira gulu lonse la anthu m'chipinda ikhala lenzi wamba yosatambasuka. Ine ndinazindikira izi msana utagunda khoma, ndikuyesa kulowetsa anthu anayi m'chithunzi chimodzi.

Za malenzi awiri m'bokosi

Apa maganizo anga ndi ouma, ndipo akuumirabe chaka ndi chaka. Lenzi ya 18-55mm f/3.5-5.6 itengeni, chifukwa ikabwera pamodzi ndi kamera imawonjezera ndalama zochepa, imajambula bwino masana, ndipo ndi yomwe ikuphunzitseni kutalika komwe diso lanu limakonda. Amene amainyoza ambiri sanaigwiritsepo ntchito mokwanira. Lenzi yachiwiri ija, yaitali yokokera zakutali, ndi yomwe ndimakayikira. Kawirikawiri m'bokosi amaikamo mtundu wopanda chochepetsa kunjenjemera, monga Canon EF 75-300mm f/4-5.6 III yomwe ilibe IS, kapena 70-300mm ya Nikon yosalembedwa VR, ndipo wogula amangoona nambala ya 300 n'kusangalala. Pa 300mm, pa sensa yaing'ono, manja anu amafuna liwiro la shatala la pafupifupi 1/500 kuti chithunzi chisagwedezeke, pomwe kabowo ka f/5.6 kamalowetsa kuwala kochepa, ndiye dzuwa likangobisala mumtambo lenziyo imasanduka katundu wolemetsa chikwama. Ngati mukufunadi kujambula mpira kapena mbalame, EF-S 55-250mm IS STM ya Canon kapena 70-300mm ya Nikon yokhala ndi VR ndi yomwe ili ndi phindu, ngakhale mutaigula padera patsogolo.

Ndalama za lenzi yachiwiriyo ine ndikanaziika pa lenzi yosakoka, ya kabowo kakakulu. Kusiyana kwa f/5.6 ndi f/1.8 ndi kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi, ndipo kusiyana kumeneko mumakuona ndi maso tsiku loyamba lomwe, pomwe kusiyana kwa D3400 ndi D3500, kapena kwa kamera ya mamegapikiselo 18 ndi ya 24, mukhoza kukusakasaka sabata yonse osakupeza. Kwa Nikon ndimalimbikitsa AF-S DX 35mm f/1.8G ya mu 2009, chifukwa pa sensa yaing'ono imaona pafupifupi monga 50mm inkaonera pa filimu. Kwa Canon kuli EF 50mm f/1.8 STM yojambulira nkhope, ndi EF-S 24mm f/2.8 STM yoyenda nayo tsiku ndi tsiku. Thupi la kamera limakalamba msanga chifukwa ndi kompyuta, koma galasi labwino limadutsa matupi awiri kapena atatu, ndipo pogulitsa silitaya mtengo ngati thupi.

Wina anena kuti nthawi ya DSLR yatha, poti kuyambira 2018, pomwe Canon inatulutsa pakamwa patsopano pa RF ndipo Nikon inatulutsa pa Z, malenzi atsopano ambiri akupangidwira makamera opanda kalirole. Zimenezo n'zoona, koma kwa wogula wa thumba lochepa ndi nkhani yabwino, pakuti osamukira kumeneko akugulitsa malenzi awo. Chofunika n'kudziwa kuti msewuwu ndi wopita mbali imodzi. Malenzi a EF ndi EF-S amagwira ntchito pa makamera a RF kudzera pa adaputala, a AF-S ndi AF-P amagwiranso pa Z kudzera pa adaputala ya FTZ, koma lenzi ya RF, ya EF-M (mtundu wina wa Canon wopanda kalirole) kapena ya Z silowa pa DSLR. Ya AF-D ija yomwe inandiliza sisaka fokasi ngakhale pa FTZ. Kumbukiraninso kuti EF-S, yomwe inayamba mu 2003 ndipo imadziwika ndi kachizindikiro koyera ka ngodya zinayi m'malo mwa kadontho kofiira, silowa pa DSLR ya Canon ya sensa yaikulu.

Tsono bambo, tsegulani chikwamacho muwerenge zilembo zonse zolembedwa kutsogolo ndi m'mbali mwa lenzi iliyonse. Muunikenso m'kati mwake ndi tochi, chifukwa malenzi okhalitsa m'chikwama amamera nguwi yooneka ngati ulusi wa kangaude, ndipo muyese ngati timasamba ta kabowo tikutseka ndi kutseguka mwachangu popanda mafuta. Akakhala a EF, gulani Canon. Akakhala a Pentax K, ganizirani Pentax. Akakhala a Nikon AF kapena AF-D ndipo mukufuna azisaka fokasi okha, siyani D3500 mufunefune D7000 kapena D7100 yogwiritsidwapo kale ntchito. Akakhala a FD, asungeni ngati chikumbutso cha atate anu kapena mudzawaike pa kamera yopanda kalirole, ndipo DSLR musankhe mosawaganizira. Popita kukagula munyamule lenzi imodzi, muiike pa kamerayo wogulitsa akuona, mukanikize batani pang'ono, mumve ngati mota ilira musanatulutse ndalama.