Yankho kwa achimwene ofunsa za bwalo la mahatchi la Turffontein

Achimwene, mwafunsa ngati kuli koyenera kupita ku bwalo la mpikisano wa mahatchi la Turffontein pamene mukukacheza kwa abale anu ku Rosettenville, kapena ngati malowo ndi a anthu a juga okha. Ine ndinakafikako ndisanabwerere kuno ku Blantyre, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mupite, makamaka chifukwa bwaloli lili pafupi kwambiri ndi kumene mukafikireko, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg.

Mbiri ya malowa ndi imene inandigwira mtima kuposa liwiro la mahatchi. Golide anapezeka m'deralo mu 1886, ndipo pofika 1887, mzinda usanakhazikike n'komwe, eni ndalama za migodi anali atayamba kale kuthamangitsa mahatchi ku Turffontein. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902, Angerezi anasandutsa bwaloli kukhala msasa wotsekeramo amayi ndi ana a Mabunu, ndipo mazana a iwo anafera pomwepo ndi matenda monga chikuku. Nditaima pa malo okhalira oonerera n'kuona milu ya dothi la m'migodi chapatali, ndinakumbukira agogo athu amene ankanyamukira pa Wenela pano pa Blantyre kukagwira ntchito pansi pa nthaka imeneyo, mpaka pamene Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ochuluka. Thukuta lawo linali gawo la chuma chimene chinkadyetsa mahatchi amenewa, koma malamulo a tsankho sankalola munthu wakuda kukhala malo amodzi ndi azungu. N'chifukwa chake ndimati Mmalawi aliyense wolowa pamenepo alowe mosadzikayikira. Kumbukiraninso kuti wokwera hatchi wakuda woyamba kupambana mpikisano wotchuka wa Durban July, S'manga Khumalo, anachita zimenezi mu 2013.

Mukafika, musathamangire kukakhala pansi. Mpikisano uliwonse usanayambe, mahatchi amawayendetsa mozungulira kabwalo kakang'ono kuti anthu awaone bwino, ndipo kwa ife amene tinakulira m'dziko limene hatchi imaoneka mwa apo ndi apo, kuima pafupi ndi nyama imeneyi n'kumva mmene ikupumira ndi chinthu chosaiwalika. Okwera ake ndi anthu ang'onoang'ono thupi, ambiri olemera makilogalamu opitirira 50 pang'ono, ndipo amawayeza pa sikelo asanathamange komanso atatha. M'mipikisano ina, hatchi imene yakhala ikupambana imaisenzetsa kulemera koonjezera kuti mwayi ukhale wofanana. Kenaka mukaime pafupi ndi mpanda, cha pomalizira, pakuti mahatchi amadutsa pa liwiro la pafupifupi makilomita 60 pa ola ndipo mgugu wake mumaumva m'mapazi. Bwaloli lili ndi kachitunda kamene kamatopetsa hatchi yoyamba mwaphuma, choncho imene ikutsogolera poyamba si imene imapambana nthawi zonse.

Ngati ulendo wanu ungafike kumapeto kwa Novembala, mudzaupeza mpikisano waukulu wa Summer Cup, wa mamita 2000, umene umatha m'mphindi ziwiri ndi timasekondi towerengeka, koma anthu amadzaza ndipo amatchena ngati akupita ku ukwati. Tsiku wamba ndi labwino kwa munthu wofuna kuona zinthu modekha. Muyambe mwafufuza tsiku, popeza mahatchi sathamanga masiku onse.

Pa nkhani ya juga sindikubisirani, kubetcha kulipo ndipo ndi kumene kumabweretsa ndalama zoyendetsera masewerowa, koma palibe amene angakukakamizeni. Ndinaona bambo wina wachikulire akung'amba matikiti ake onse, nkhope itagwa, ndipo zinandimvetsa chisoni kwambiri. Ndalama ya basi yobwererera ku Blantyre muisiye kunyumba kwa abale anuwo, ndipo muwapemphe akuperekezeni kuti mubwerere kusanade.