Mimba ya miyezi iwiri ndi magazi chabe?

Mayi wina waku Namwera wanditumizira imelo, akuti: "Ndadumpha mwezi kawiri, kachipangizo kaonetsa mizere iwiri, koma apongozi akuti ndisathamangire ku sikelo poti pano ndi magazi chabe, munthu sanaumbike. Nzoona?"

Achemwali, apongozi anuwo ulemu wawo, koma apa pokha ayi. Umuna ukakumana ndi dzira, ndipo zimenezi zimachitikira mu chubu osati m'chiberekero, pamakhala selo imodzi yokha yomwe imayamba kugawikana, awiri, anayi, kumapita choncho uku ikutsetsereka pang'onopang'ono mpaka patatha ngati sabata imodzi imakamatirira ku khoma la chiberekero. Apo mpamene pamayamba kutuluka hCG, homoni yosonyeza kuti pali mimba, yomwe kachipangizo kanu koyezera mimba kanagwira mumkodzo ija.

Tsono mvetsetsani apa. Masiku ngati 22 dzira ndi umuna zikumanirane kamtima kamakhala kayamba kale kugunda, inu mukungoti aa mwina mwezi wangochedwa. Pofika tsiku la 28 kanjira komwe kadzakhale ubongo ndi mtsempha wamsana kamakhala katatsekeka, ndipo folic acid, yomwe ndi mtundu wa vitamini, ntchito yake yaikulu ndi pamenepo, nchifukwa amati ndibwino kuyamba kumwa mimba isanabwere nkomwe. Kenako timanja ndi timiyendo timatumphuka, tizala timayamba tolumikizana ngati phazi la bakha nkumapatukana. Masabata 8 akakwana mluza uja madokotala amayamba kuutcha fetus, kutalika ngati masentimita 3 basi, usipa wapa mbale ukuchita kuposa, koma ziwalo zikuluzikulu zonse zayambika. Chotsala ndi kukula ndi kukhwima. Inuyo mwadumpha kawirinu muli chapomwepa.

Paja anamwino amawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, ndiye masabata 8 angawa m'buku lanu lakuchipatala alemba 10, musadabwe.

Kusuntha kwa mwana ambiri amakumva cha m'masabata 18 mpaka 20, ndipo mpamene amayi ambiri kuno amanyamuka kupita ku sikelo, nthawi yosalimba youmbika ziwalo ija itadutsa kalekale. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ulendo woyamba ukhale masabata 12 asanathe. Ndi udzudzu wakunyanja kunowu neti mukalandire msanga, Fansidar wopewera malungo amayambitsa miyezi itatu yoyamba ikatha. Mowa ndi mankhwala ongogula pagolosale osafunsa siyani kaye. Ngati vuto ndi loti anthu adziwa mimba isanaoneke, mangani chitenje ngati mukupita kumsika, anamwino salengeza pa wailesi.